Apolisi akufuna kupatutsa mlandu wa mwana wathu: tivomere, kapena akalowe aphunzirepo?

Funso: Ndine malume wa mnyamata wa zaka 15, mwana wa mlongo wanga, yemwe ali Fomu 1. Sabata yatha anagwidwa pamodzi ndi anzake awiri ataba foni ya mayi wina wogulitsa kaunjika pamsika. Anagona usiku umodzi m'chitokosi, kenako anatipatsa kuti tidzabwere naye Lachinayi. Wapolisi woona za ana akuti mlanduwu akhoza kuupatutsa kuti usakazengedwe, bola mwanayo avomere ndipo ife tisayine. Kubanja tagawikana. Ena akuti akalowe ndithu akaone zakuda, poti aka si koyamba kusowetsa zinthu pakhomo. Mwini foni akufuna ndalama zake. Kodi kupatutsa mlandu n'kutani, ndipo si kumulekerera mwana kumeneku? Malume, Dedza.

Yankho: Bambo, vomerani. Ndayamba ndi yankho chifukwa Lachinayi layandikira. Koma musanagwire cholembera, dziwani chimene mukusayinira. Boma likapatutsa mlandu limakhala likunena kuti mwanayu walakwa, umboni ulipo, tikhoza kumuzenga, koma tikuona kuti angawongoke msanga ali pakati pa abale ake kusiyana ndi kumukokakoka m'makhoti miyezi yambirimbiri. Ndiye kuti ntchito imene akanagwira woweruza ndi osunga ana olakwa ikubwera pakhomo panu. Mukaigwira, palibe njira ina imene ndaiona ikubweza ana ngati imeneyi. Mukangosayina n'kubwerera kunyumba kukapitiriza moyo wakale, abale anu amene akuti n'kulekerera adzakhala atanena zoona.

Lamulo lake ndi la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2010. Kupolisi ndi kukhoti mudzamva akulitchula kuti Child Care, Protection and Justice Act. Poyamba linkati mwana ndi munthu wosafika zaka 16, koma mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, ndipo tsopano aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wosafika zaka 10 sazengedwa mlandu n'komwe. Wa zaka 10 koma wosafika 14, boma liyenera kuyamba lasonyeza kuti ankadziwa kuti chimene akuchita n'cholakwika. Wanu ali ndi 15, choncho mlandu ali nawo ndithu, koma pamaso pa lamulo ndi mwana. Popita Lachinayi mutenge chiphaso chake chobadwira, kapena buku lake lakusikelo, kapena kalata ya ahedi. Anyamata amisinkhu italiitali nthawi zina amalembedwa zaka zimene alibe, n'kupezeka asakanizidwa ndi akuluakulu.

Kuti mlandu upatutsidwe pafunika zinthu zingapo. Mwana avomere yekha kuti anachitadi, popanda womuopseza kapena womunyengerera, akudziwanso kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Pakhale umboni woti boma likanatha kupita nawo kukhoti. Mwanayo ndi makolo kapena omuyang'anira afotokozeredwe bwino zimene zichitike, ndipo agwirizane nazo. Komanso mlandu usakhale wa m'gulu la milandu ikuluikulu monga kupha munthu ndi kugwiririra. Kuba foni popanda kuvulaza munthu ndi umodzi wa milandu imene njirayi inakonzedwera. Pakanakhala mpeni kapena chikwanje, nkhani ikanalemera kwambiri.

Pa za kuvomeraku ndiimepo pang'ono, chifukwa mabanja ambiri amagwera pamenepa. Makolo akamva kuti mwana akavomera atuluka, amamukankha ndi chigongono kuti tangovomera tizipita. Mwana amene sanabe asavomere. Amene anangoima chapatali anzake akuba anene zomwezo, osawonjezera. Mukaphunzitsa mwana kuti bodza ndi limene limatsegula chitseko cha kupolisi, mwawononga kale chimene mumafuna kukonza. M'kalata mwanu zikumveka kuti wanuyu anagwidwadi, komabe mufunseni panokha kuti dzanja lake linachita chiyani tsiku limenelo.

Kupatutsaku kungachitikire kupolisi komweko, pamene wapolisi wamkulu amachenjeza mwana n'kumumasula, kapena kukhoti la ana pa kukumana koyamba, kumene sikukhala kuzenga mlandu koma kufufuza za mwanayo. Kumeneko wa zachisamaliro cha anthu, amene ambiri timangoti a sosho, amapereka lipoti la mmene mwana amakhalira pakhomo ndi kusukulu. Zimene angalamulidwe n'zosiyanasiyana: kupepesa pakamwa kapena polemba, kubweza kapena kulipira chimene anaba, kusajomba kusukulu, kukaonekera kwa womuyang'anira masiku oikika, kusafika kumalo ena, kulandira uphungu, kugwira ntchito yothandiza anthu, kapena kukhala pansi ndi wolakwiridwa pamaso pa mabanja onse awiri. Chikwapu palibe. Malamulo aakulu a dziko lino salola khoti kapena nthambi iliyonse ya boma kulanga munthu pomukwapula.

Tsopano kwa abale amene akuti akalowe aphunzire. Mkwiyo wawo ndikuumvetsa. Munthu amene wasowetsedwa ndalama ya feteleza ndi mwana wa m'nyumba momwemo sakhala ndi mawu ofewa. Koma chimene akupemphacho lamulo silichilola: limanena mosabisa kuti mwana asaikidwe m'ndende pa mlandu uliwonse. Mu 2018 Khoti Lalikulu ku Blantyre linaunika nkhani ya ana amene ankasungidwa m'ndende za Bvumbwe ndi Kachere, ndipo linalamula kuti achotsedwemo. Kumene mwana angatumizidwe akapezeka kuti ndi wolakwa ndi kumalo osinthira ana khalidwe, ku Mpemba ku Blantyre kapena ku Chilwa ku Zomba. Malo amenewa ali ndi ntchito yake, makamaka kwa ana a milandu yolemera kapena amene kwawo kulibe wowagwira dzanja. Koma taganizani mtunda wochokera ku Dedza kukafika ku Zomba. Mlongo wanu angapiteko kangati pachaka? Mwana amachoka pa Fomu 1, amasiyana ndi aphunzitsi ake, ndipo anzake atsopano onse amakhala ana amene analakwiranso malamulo, ena odziwa zambiri kuposa iye. Pobwera, mudzi wonse umamutchula dzina limodzi lokha.

Awa si maganizo a anthu achifundo chabe. Mu 2010 Anthony Petrosino ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 29, wambiri wa ku America, wokhudza ana oposa 7,000, poyerekeza ana amene anazengedwa m'makhoti ndi anzawo a milandu yofanana amene anapatutsidwa. Anapeza kuti kuzenga sikunachepetse kulakwanso, ndipo m'malo ambiri kunakuwonjezera. Ku America komweko anayesanso njira yoopseza, yotengera ana osamvera kundende kuti akaidi akawakalipire ndi kuwafotokozera zowawa za m'menemo. Inatchuka ndi dzina loti Scared Straight. Ataiunika bwinobwino, anaona kuti ana amene anapitako analakwa kwambiri kuposa amene sanapiteko. Mantha amagwira mwana masiku ochepa. Zimene zinamufikitsa pamsika paja zimakhala zikumudikirabe.

Ndiye nkhani yonse yagona pa ndondomeko imene mupange, ndipo ndondomekoyo iyambire pa chifukwa chimene mwanayu amabera. Mwanena kuti aka si koyamba. Mawu amenewo ndi amene andigwira mtima kwambiri m'kalata yanu, chifukwa akusonyeza kuti pali dzenje limene ndalama zikupita, ndipo pakhomo palibe amene walipeza.

Khalani naye pansi inu nokha, osati pamaso pa mbumba yonse. Musamufunse kuti unaberanji. Yankho la funso limenelo ndi kuweramitsa mutu n'kumakanda pansi ndi chala chakuphazi mpaka inu mutatopa. Mufunseni za tsiku lake. Amadzuka nthawi yanji, amadya chiyani asanapite kusukulu, amaweruka nthawi yanji, ndipo kuyambira pamenepo mpaka mdima amakhala kuti, ali ndi yani. Muyende naye tsikulo pang'onopang'ono, ngati mukungofuna kudziwa. Kawirikawiri mupeza kuti pali maola atatu kapena anayi masana amene palibe wamkulu aliyense akudziwa kumene mwana ali. Kenako mufunse za ndalama: ya chimanga chimene chinasowa chija inagula chiyani? Apa ndi pamene zimatuluka. Wina amaba chifukwa amapita kusukulu ndi njala ndipo anzake amagula mandasi iye akuyang'ana. Wina ali ndi ngongole ya juga kapena ya kubetcha mpira, ndipo amene anamukongoza akumuopseza. Wina wayamba chamba kapena kachasu. Wina akungofuna kuti gulu limuwerenge, poti kunyumba amangomva zoti ndi wopanda pake. Wina ali ndi mkwiyo ndi bambo womupeza, ndipo kuba ndi njira yokhayo imene waipeza yobwezera. Ana asanu amenewa onse aba foni, koma mankhwala awo ndi osiyana. Wa njala mukamupatsa uphungu wokhawokha abanso. Wa chamba mukangomulipirira foni mwamugulira nthawi yosutira.

Funsaninso kuti foniyo imapita kwa yani. Mwana wa Fomu 1 saba foni kuti aisunge. Pamakhala munthu wamkulu amene amagula, kuifafaniza zonse n'kuigulitsanso, ndipo nthawi zina ndi yemweyo amene amatuma anawo. Dzina lake likatuluka, lipite kwa apolisi. Munthu ameneyo akakhalabe pamsika, ndondomeko yanu ikulimbana ndi wolemba ntchito amene amalipira tsiku lomwelo.

Za mwini foni. Mayi ameneyu ndi amene amaiwalika msanga pa nkhani zotere, aliyense atatanganidwa ndi tsogolo la mwana, ndipo akaiwalika amapita akunena kuti apolisi adya ndalama n'kumasula wakuba. Ali ndi chifukwa chomveka chofunira chake. Pemphani kuti pakhale kukumana, pakhale wa sosho kapena wapolisi woona za ana, mwina ndi amfumu, mwana ndi mayi ake, inuyo, ndi mayiyo pamodzi ndi munthu amene iye angafune kuti amuperekeze. Asakakamizidwe kubwera. Akabwera, apatsidwe mpata woyamba kulankhula, ndipo mwana amve ndi makutu ake kuti foni imene iye ankaiona ngati ndalama yapompopompo inali chiyani kwa mwini wake: mmene munali manambala a amene amamugulitsa mabelo, mmene munali mpamba wake wa pa Airtel Money kapena Mpamba, mmene ana ake akusukulu amamupezera. Ana ambiri amalimba nkhope pamaso pa wapolisi, koma amagwetsa misozi mayi ngati ameneyu akanena modekha kuti sabata yonse sanaode katundu. Chipepeso chituluke pakamwa pa mwana, m'mawu ake, ngakhale akhale achibwibwi. Inu musamulankhulire.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Ndi bwalo lomwe lija la kwa amfumu, pamene mlandu umatha wolakwa atavomera, wolakwiridwa atalandira chake, anthu n'kupitiriza kutunga madzi pa mjigo umodzi. Ngakhale dziko la New Zealand, limene mu 1989 linaika misonkhano ya mabanja m'lamulo lake la ana olakwa, linatengera zambiri ku miyambo ya Amaori. Chosiyana ndi bwalo lathu n'choti apa mwana sayalutsidwa pagulu. Asamuyendetse pamsika atanyamula chikwangwani, ndipo chithunzi chake chisaponyedwe pa gulu la WhatsApp la m'mudzi. Lamulo limateteza dzina ndi nkhope ya mwana amene ali pa mlandu.

Ndalama ya foni, ngati foniyo sinapezeke kapena yawonongeka, igawidwe pa ana atatuwo. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zipota akulu, ndipo n'zoona kuti ndalama yoyamba ituluka m'thumba mwanu, chifukwa mayiyo sangadikire miyezi. Iperekedwe pamaso pa wa sosho kapena wapolisi, ndipo zilembedwe kuti zaperekedwa zingati, kwa yani, tsiku liti. Kupatula pamenepo palibe ndalama ina yoti mupereke kwa wina aliyense. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo kupatutsa mlandu sikugulidwa. Koma ngongoleyo isathere pa inu. Gulani kope, lembani pamwamba ndalama imene mwamulipirira, ndipo mwana aibweze ndi manja ake. Loweruka lililonse akapalira m'munda mwanu, kapena akathirira kudimba, muwerengere mtengo wa ganyu weniweni wa kwanuko n'kuchotsera m'kopemo, iye akuona, asayine. Ngati ali ndi nkhunda kapena akalulu akeake, agulitseko. Ntchito ikhale yoyenera msinkhu wake ndipo isalowe nthawi ya sukulu. Chimene mukufuna n'choti aone nambala ija ikutsika ndi thukuta lake mpaka itafika pa ziro, adziwe kulemera kwa foni imodzi. Mwana amene malume ake anangolipira zonse mwakachetechete amaphunzira kuti akalakwa pali wolipira.

Sukulu ndiye msana wa ndondomeko yonse. Pitani nokha kwa ahedi musanamve kuti amuchotsa, mukafotokoze zimene zachitika ndi zimene mwagwirizana. Pemphani mphunzitsi mmodzi amene mwanayo amamukhulupirira kuti azisayina m'kope lomwe lija ngati wabwera ndiponso ngati wakhala mpaka poweruka. Pemphaninso kuti nkhaniyi isalengezedwe pa asembule. Maola a masana aja adzazidwe ndi chinthu chimene chili ndi munthu wamkulu wodziwika dzina: timu ya mpira imene ili ndi kochi wosamala, kwaya, kapena kukhala pa shedi ya kalipentala, wowotcherera kapena wokonza njinga. Ine ndimakonda za ntchito zamanjazi, chifukwa mnyamata amene wapanga mpando woyamba n'kuugulitsa amapeza njira ina yopezera ndalama ndi ulemu, zinthu ziwiri zimene ankazifuna pamsika paja. Kungomuuza kuti usayendenso ndi anzako aja, osamupatsa koti apite, n'kutaya mawu. Ngati pali chamba kapena mowa, musabise kwa wa sosho poopa kuti zilemeretsa mlandu. Zikabisika, ndondomeko imalembedwa ya mwana wina amene kulibe. Kuchipatala cha boma kuli ogwira ntchito za matenda a maganizo amene amathandiza pa zoterezi.

Chinthu chimodzi chimene mabanja amathamangira ndi kumutumiza kumudzi kwa agogo. Nthawi zina zimathandiza, ngati gulu lake ndi loopsa ndipo kumudziko kuli sukulu ndi munthu wamphamvu womuyang'anira. Koma kawirikawiri kumakhala kuchotsa manyazi pakhomo n'kukatula katundu pa nkhalamba imene singathe kuthamangitsa mnyamata wa zaka 15. Mwana amadziwa kuti watayidwa.

Ndondomekoyo ikhale yaifupi, ya mfundo zinayi kapena zisanu zimene mwana angazinene pamtima, ndipo iliyonse ikhale yooneka ndi maso. Mawu oti akhale wamakhalidwe abwino sayezeka. Oti azikhala ali pakhomo dzuwa likamalowa amayezeka. Mwana akhalepo polemba, ndipo aikepo maganizo ake, chifukwa chimene munthu waikapo mawu ake amachisunga kuposa chimene wangouzidwa. Mulembemonso za akuluakulu: mayi ake achita chiyani, inu muchita chiyani, tsiku lanji pasabata mudzikumana naye. Ngati bambo ake alipo, ngakhale banja linatha, aitanidwe. Kwathu kuno mwini mbumba ndinu, ndipo udindo umenewu ndi wanu kale mwa mwambo, koma mwana ayenera kuona kuti malume sakubwera tsiku la mlandu lokha. Ndondomeko ikhalenso ndi tsiku lothera. Chilango chopanda mapeto chimagwetsa mphwayi.

Kumbali ya chithandizo, yambirani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya paboma panu, mufunse zimene zilipo kwanuko. M'mizinda muli mabungwe amene amalandira ana opatutsidwa, monga Chisomo Children's Club, ndipo ku Lilongwe kwakhala kukuchitika maphunziro a masabata angapo otchedwa Mwai Wosinthika. M'maboma ambiri zoterezi n'zochepa, ndipo wa sosho mmodzi amakhala ndi ana ambirimbiri. Musadikire kuti akupezeni. Muzipita ndinu, mwana ali pambali, kope lili m'manja. Mukaona kuti simukumvetsa zimene zikulembedwa, a PASI, bungwe la alangizi a zamalamulo amene amayendera ma siteshoni a polisi ndi makhoti, kapena a Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yothandiza anthu pa milandu, angakufotokozereni. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana.

Yembekezerani kuti adzaterereka. Adzajomba tsiku lina, kapena mudzamuona ataima ndi mmodzi wa anzake aja. Kumeneko si kulephera kwa ndondomeko, ndipo musathamangire kunena kuti basi tatopa naye. Funsani chachitika n'chiyani, konzani pamene pamasuka, dziwitsani wa sosho. Koma mwana adziwe kuyambira tsiku loyamba, kuchokera pakamwa pa wapolisi kapena woweruza, kuti akakana dala kutsatira zimene anavomera, mlandu ukhoza kubwerera kukhoti n'kuzengedwa, ndiponso kuti akadzagwidwa kachiwiri mwayi ngati uwu sudzabwera mophweka. Akamaliza bwino, pitani nayenso kukatseka nkhaniyi, mupemphe kalata yosonyeza kuti zonse zakwaniritsidwa, muisunge. Kuyambira pamenepo, chinthu chikasowa pakhomo, asakhale woyamba kulozedwa chala popanda umboni, ndipo abale amene ankati akalowe aja muwauze zimenezi inuyo.

Lachinayi mupite ndi mlongo wanu, chifukwa ndi amene amagona ndi mwanayu m'nyumba imodzi ndipo a sosho adzafuna kumva kwa iye. Musanasayine, pemphani kuti akuwerengereni m'Chichewa zonse zimene zalembedwa, mufunse kuti womuyang'anira ndi ndani, azikaonekera kuti, kangati, mpaka liti, ndipo mutengeko pepala lanu. Mayi wa foni uja kamuoneni lisanafike tsikulo, inu ndi munthu wina wamkulu, mwana atsale. Mukamuuze kuti banja lamva, chake chibwezedwa, ndipo mukupempha kuti adzabwere adzalankhule yekha ndi mwanayo.